Kuyankha Asewere m'Chijapani

Ntchito yanga inali kutayipa. Ndinaigwira pa Boma pa Ntcheu kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi zitamera. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma pulayimale ya masiku amenewo, imene munthu ankatulukako akutha kulemba Chingerezi chomveka. Ndinayamba ngati mesenjala. Kalaliki wina wachikulire anaona kuti zala zanga n'zachangu ndipo anandikhazika pa makina otayipira. Lamulo lake linali limodzi: maso akhale pa pepala limene ukukopera, osati pa zala, osati pa chimene chikutuluka. Ukayang'ana pansi, rula inkatera padzanja. Ndinaphunzira. Pofika zaka zanga zakumapeto, ndinkatha kutayipa lipoti lonse ndikuyankha moni wa anthu odutsa pazenera, ndipo wosaina sankapeza choti akonze.

Matipati atabwera, sipanapite nthawi yaitali makompyuta anayamba kulowa m'maofesi. Ine ndinapuma cha nthawi yomweyo. Sanandichotse. Nthawi yanga inakwana. Ndinabwerera kumudzi, kumene sikuli kutali ndi Boma, n'kuyamba kulima chimanga ndi mbatatesi ngati anzanga onse.

Mwana wanga womaliza ndi wamkazi, ndipo ndi namwino. Pachipatala chaching'ono chakumudzi pamene ankagwira ntchito panabwera mnyamata wa ku Japani wodzathandiza. Anakhalako nthawi ndithu. Chichewa anachiphunzira, ulemu anaudziwa, ndipo atafuna mwana wanga sanabwere yekha ngati wakuba. Anapempha mkulu wina wa mpingo kuti akhale nkhoswe yake, zonse zinayenda m'njira yake. Ukwati unachitikira kwathu kuno. Makolo ake sanabwere chifukwa bambo ake ali ndi vuto la miyendo ndipo ulendowo ndi wautali. Ndinamvetsa. Kenaka anawo anapita kukakhala ku Japani.

Atafika, mkamwini wangayo anaimba foni. Atatha moni anati, "Ababa, bambo anga akuti ndikupatseni moni. Akuti zikomo chifukwa chotipatsa mwana wanu."

Ine ndinati, "Ndamva."

Sindinawonjezere. Kwathu mawu a pakati pa asewere sanyamulidwa ndi ana. Pali ankhoswe, apo ayi eni ake amakhala pansi n'kulankhulana. Ine kutuma mkamwini kwa bambo ake omubala, ngati ndikutuma mwana kukagula mchere, n'kunyoza onse awiri. Koma nkhoswe yathu sinkadziwa Chijapani, ndipo asewerewo sadziwa Chingerezi. Choncho moni uja unakhala osayankhidwa. Unabweranso pa Khirisimasi, ndipo ndinatinso ndamva.

Chaka chotsatira mwana wanga anabereka mwana wamwamuna. Amene anamusamalira masiku onse a chikuta anali apongozi ake aakazi: kumuphikira, kumuchapira, kumusambitsira khanda. Ntchito imene akanagwira mayi ake kuno inagwiridwa ndi anthu amene ine ndinali ndisanawauzepo ngakhale liwu limodzi.

Tsiku lina masana mwana wangayo anaimba. Mawu ake sanali a masiku onse.

"Ababa, apongozi anga aamuna andifunsa ngati munakwiya ndi ukwatiwu."

"Ndikwiye ndi chiyani?"

"Nanga bwanji simuwayankha? Iwo akuganiza kuti mukuwaona ngati anthu olanda mwana wanu. Amafunsa chamumtima, koma ndikuona kuti zikuwapweteka. Tangondiuzani mawu, ine ndikawauza."

"Iwe ndiwe mwana."

"Ndine mayi tsopano, ababa."

"Kwa khandalo. Kwa ine ndiwe mwana. Ndiwayankha ndekha."

"M'chilankhulo chanji?"

"Chawo."

Anaseka. Ine sindinaseke, ndiye nayenso analeka.

Mkamwini anasiya buku m'nyumba mwathu, lophunzitsa Chijapani kwa oyamba kumene, lofotokoza m'Chingerezi. Anasiyira ana a mlongo wanga amene ankamuvutitsa kuti awaphunzitse, koma iwo analitaya pasanathe mwezi. Ndinalichotsa pamwamba pa kabati, ndinalipukuta fumbi. Ndikaweruka kumunda ndinkakhala nalo pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi ichi. Zilembo zawo zoyambirira zimayenda ngati mmene tinkaimbira ku sukulu tili ana: ka, ki, ku, ke, ko, ma, mi, mu, me, mo. Chilembo chimodzi, phokoso limodzi. Pakamwa pa Mchewa sipavutika nazo. Mayi a kunyumba ankandimva ndikutchula, iwo akusankha nyemba.

"Mwabwerera sitandade wani, bambo?"

"Sankhani nyemba."

"Ndingofunsa. Mwina ndikusokereni yunifolomu."

Kuwerenga kunabwera. Kulemba ndiye kunakana. Zilembozo n'zopindapinda ngati mbedza ndi zingwe, ndipo dzanja langa layamba kunjenjemera. Chimene ndinkalemba chinkaoneka ngati pamene nkhuku yapalasa. Komanso ine sindinatumizepo kwa munthu waulemu pepala lolemba pamanja. Ndine wotayipa. Mwana wanga pochoka anasiya laputopu yake yakale m'chikwama, akuti tizionera zithunzi. Sitinaitsegulepo. Ndinaitulutsa, ndinayang'ana mabatani ake. Anali m'malo omwewo amene zala zanga zinawasiya. Koma onse anali a zilembo zathu.

Lachisanu lina m'mawa ndinakwera kabaza, chikwama pamiyendo, kupita pa Boma. Pafupi ndi msika pali shopu ya fotokope ndi kukonza mafoni. Mwini wake ndi bambo wa ana ake, Msilamu, wa banja la amalonda limene ndalidziwa kalekale. Bambo ake ndi amene ankandigulitsa matayala a njinga. Ndinaika laputopu pa kauntala.

"Achimwene, ndikufuna muchotse mabatani awa, muike a Chijapani."

Anandiyang'ana, nayang'ana laputopu. "A Chijapani, madala?"

"Mwamva."

"Mwapeza ntchito ku kampani ya magalimoto?"

"Ndapeza asewere."

Anaseka mpaka anagwira kauntala. Atatha anandikokera mpando. Anati mabatani sachotsedwa. M'masiku anga, ukafuna zilembo zina unkafuna makina ena, ndiye ndinamufunsa kuti nanga zilembozo zichokera kuti. Anati zili mkati, kapena zikakhala kuti mulibe tiziitanitsa pa intaneti. Iye mwini anali asanachitepo za Chijapani. Anachitapo za Chiarabu, kuwaikira ashehe a pamzikiti wawo, ndipo anati njira iyenera kukhala yomweyo.

Ndinakhala pambali pake kuti ndione chilichonse. Sindikonda kuti munthu andichitire chinthu kuseri. Anatsegula pamene pamakhala zosintha za kompyuta, napita pa zilankhulo. Panatuluka mndandanda wautali, mitundu ya anthu imene sindinaimvepo. Anapeza Chijapani, nadina. Kompyuta inati iyenera kukoka zinthu zina kaye. Analumikiza ndi foni yake. Pa sikirini panaoneka kamzere kamene kanayenera kudzaza, ndipo kankayenda ngati nkhono.

Kali pakati, magetsi anazima. Batire la laputopuyo linali lotha kale, ndiye nayo inazima nthawi yomweyo.

"Basi, zapita," ndinatero.

"Sizinapite, madala. Tiyambiranso."

Nthawi ya kuswali itakwana, anavala kapu yake, nandisiya pa benchi panja ndi botolo la zakumwa limene sindinapemphe. Ndinakhala ndikuonera maminibasi akulimbirana anthu. Pobwera iye, magetsi anali atayaka. Anayambiranso, ndipo ulendo uno kamzere kanafika kumapeto.

Anandionetsa pakona ya m'munsi, kudzanja lamanja, pafupi ndi pamene pamaoneka nthawi. Panali kachizindikiro kakang'ono. Ukadina mabatani awiri a kumanzere pamodzi, kompyuta imachoka ku Chingerezi kupita ku Chijapani, ukadinanso imabwerera. Ndipo ili ku Chijapaniko, pamafunika kuona ngati pakonapo pali A wathu kapena chilembo chawo choyamba. Pakakhala A, imalembabe zathu. Anadina, A anachoka, ndipo panabwera chilembo chimene ndinachizindikira ngati nkhope ya mnansi.

"Ameneyo ndi a," ndinatero.

"Inu ndi amene mukudziwa. Kwa ine ndi nyongolotsi."

Anatsegula tsamba loyera. Ndi chala chimodzi anagunda k. Panaoneka k. Anagunda a. Pomwepo k uja anasowa, ndipo pamalo pake panaima ka wa m'buku langa, wooneka bwino kuposa mmene dzanja langa likanamulembera. Pansi pake panali kamzere ka timadontho. Anati kamzereko kakutanthauza kuti kompyuta ikudikira, ndipo ukagunda batani lalikulu la kumanja, lotsikira mzere wina, ndiye kuti wavomereza.

Ndinamuonera akusakasaka mabatani ndi chala chimodzicho ngati nkhuku yotola mapira. Ndinapirira pang'ono, kenaka ndinati, "Tasunthani."

Ndinali nditakopera papepala mawu a moni a m'buku, m'zilembo zathu. Ndinaika pepalalo kumanzere, zala pa mzere wapakati, msana chilili. Mabatani a laputopu ndi ofewa, alibe kulira kwa chitsulo, koma zala zinakumbuka. Ndinatayipa mizere yonse osadzutsa mutu. Mayi wina amene ankadikira fotokope anatembenuka kudzaonerera. Nditamaliza ndinachotsa manja, n'kuyang'ana.

Zimene zinali pa sikirini sizinali zimene ndinaphunzira. Apa ndi apo panali zilembo zanga, koma pakati pake panadzaza zina zothithikana, za mizere yambirimbiri, ngati mawindo a nyumba zosanjikizana.

"Mwaononga chinachake," ndinatero.

"Ine sindinagwire, madala. Manja anga ndi awa."

Anafufuza pa foni yake kanthawi, akuwerenga chamumtima. Kenaka anati ndibwerezenso liwu limodzi, iye akuyang'ana zala zanga. Ndinatayipa. Anawomba m'manja.

"Ndi chala chanu chachikulucho! Mukamaliza liwu mukugunda sipesi."

Sipesi ndi batani lalitali la m'munsi lija, lolekanitsira mawu.

"Nanga ndigunde chiyani? Liwu likatha pamabwera mpata."

"Kwa iwowa ayi. Apa akuti salekanitsa mawu. Sipesi ntchito yake ndi ina. Ukaigunda, ukuuza kompyuta kuti isinthe zimene walembazo zikhale zilembo zawo zikuluzikulu zija. Imakubweretsera zingapo kuti usankhe."

Zilembo zikuluzikuluzo buku langa linazitchula kumapeto. Chilembo chimodzi chimanyamula liwu lathunthu, ndipo zilipo zochuluka zoti mwana wa kumeneko amaziphunzira mpaka kukula. Ine ndinali nditatseka bukulo pamenepo.

"Ndiye ngati salekanitsa, amadziwa bwanji pamene liwu lathera?"

"Limenelo mukafunse asewere anu."

Mayi wa fotokope uja anaseka. Ine ndinafunsa ngati zimene kompyuta inasankhazo zinali zolondola. Mwini shopu anati mwina, mwinanso ayi, chifukwa imangoganizira. Anati nditumize choncho, eni ake akazindikira. Ndinakana. Zaka zonse za ntchito yanga sindinatulutsepo pepala limene sindikanatha kuliwerenga ndekha.

"Ndiye pali njira yachidule," anatero. "Lembani m'Chingerezi, kompyuta imasulire yokha. Mphindi imodzi, mwamaliza."

"Ndakana kutuma mwana wanga wobala ndekha. Ndiye nditume makina?"

Anandilembera pakapepala mabatani awiri osinthira aja, nandithandiza kuika laputopu m'chikwama.

Kunyumba tili ndi sola imene mwana yemweyo anatiikira. Laputopu inkagwira bola ikhale yolumikiza. Ndinaika tebulo pafupi ndi zenera, ndipo masana aliwonse ndinkayeserera. Nkhani inali yapafupi: osagunda sipesi. Mutu unamva. Chala sichinamve. Ndinkayamba bwino, liwu loyamba, lachiwiri, ndipo ndikangoiwala n'kuyamba kuthamanga, chala chija chinkatera chokha, zilembo n'kusanduka mawindo. Ndinayesa kuchikweza m'mwamba. Chinkatopa n'kugwera pomwepo. Ndinayesa kutayipa ndi zala ziwiri ngati mwini shopu. Ndinaleka msanga. Sindinaphunzire ntchito imeneyi kuti ndidzathere pamenepo.

Tsiku lina mayi a kunyumba anaima pakhomo akundimva ndikudzuma.

"Kodi chikukuvutani n'chiyani, Chijapani kapena chala?"

"Chala."

"Mbuzi ikamalowa m'munda timatani?"

Sanadikire yankho. Anang'amba kansalu ku chitenje chakale, nagwira dzanja langa lamanja, napinda chala chachikulu kulowetsa m'chikhatho, namanga. Anamanga ngati akumanga thumba la chimanga. Ndinayesa. Mzere woyamba unatuluka woyera, zilembo zanga zokhazokha. Pa mzere wachiwiri mawindo anabweranso. Chala chakumanzere, chimene moyo wanga wonse sichinagwirepo sipesi, chinali chitatenga ntchito ya mnzake.

Mayiwo anaseka mpaka anakhala pansi. "Ndi zapachibale izi. Bweretsani dzanja linalo."

Anamanga onse awiri. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafuna kuyeserera ndinkawaitana, ndipo tiyi akapsa ankabwera kudzandimasula. Mlamu wanga anatipeza tsiku lina ndili chimangire. Anafunsa ngati ndapsa ndi moto. Ndinati ndili pa ntchito.

Chinthu china ndinachisintha ndekha, popanda nsalu. Ndinayamba kuyang'ana. Ndikamaliza chiganizo ndinkadzutsa mutu, kuwerenga zimene zatuluka chilembo ndi chilembo, ndipo ndikakhutira chala chaching'ono chinkagunda batani lovomereza. Poyamba khosi linkakana ngati ndikuchita chinthu choletsedwa. Koma makina amenewa amafunsa, ndipo wofunsa umamuyang'ana. Patapita masabata angapo nsalu inayamba kukhala pa tebulo osagwiritsidwa ntchito. Zala zazikulu zinaphunzira kukhala m'mphepete mwa laputopu ngati alendo.

Mawu oti nditumize ndinawasankha m'buku, limodzilimodzi. Sanali ambiri. Sindine munthu wa mawu ambiri ngakhale m'Chichewa. Ndinalemba kuti: Ndine bambo wa mtengwa wanu. Muli bwanji? Miyendo ili bwanji? Zikomo chifukwa cha mwana wanga. Zikomo chifukwa cha mdzukulu. Sindinakwiye. Chijapani n'chovuta.

Chiganizo chakuti sindinakwiye ndi chimene chinandidyera nthawi. Liwu la kukwiya ndinalipeza kumapeto kwa buku, koma kulitembenuza kuti likane, ndiponso likhale laulemu woyenera munthu wamkulu, ndinachita kubwerera m'maphunziro a m'mbuyo kangapo. Sindinafune kuti pa mawu onsewo, amenewo ndiwo apotoke.

Ndinaimbira mwana wanga kuti anditumizire adiresi ya imelo ya apongozi ake.

"Ababa, bwanji muyambe mwanditumizira ine ndione? Mwina muli zolakwika."

"Zilimo. N'zanga."

"Nanga akapanda kumva?"

"Akandifunsa okha."

Anatumiza adiresiyo. Loweruka ndinapita pa Boma. Mwini shopu ananditsegulira imelo yangayanga, nakopera mawu anga kuikamo. Asanatumize ndinawerenga komaliza mokweza, chala chili pa sikirini. Anyamata awiri ogula mayunitsi anaima kumvetsera. Nditamaliza ndinadina ndekha.

"Basi, yafika," anatero mwini shopu.

"Ku Japani?"

"Ku Japani. Mwina akuwerenga kale, inu musanapeze kabaza."

Sabata imeneyo ndinapalira mbatatesi. Mwana wanga sanaimbe, inenso sindinamuimbire. Mayi a kunyumba anafunsa kamodzi ngati ndikuganiza kuti ayankha. Ndinati munthu wamkulu amayankha.

Loweruka lotsatira, ndisanatsike n'komwe pa kabaza, mwini shopu anali atatulukira pakhomo. Anati titsegule msanga. Yankho linalimo.

Ndinayang'ana kaye osawerenga. Munalibe chilembo chachikulu ngakhale chimodzi. Asewere analemba zonse m'zilembo zoyambirira zija, zimene ine ndimadziwa, ndipo pakati pa mawu anasiya mipata, kuti ndione pamene liwu lathera. Palibe anawauza kuti atero. Anaona mmene ndinalembera, nadziwa pamene ndafika.

"Akuti chiyani, madala?"

"Akuti za ine ndi iwo. Ndisindikizireni papepala."

Anasindikiza, akuseka. Ndinalipinda pepalalo n'kuika m'thumba la jekete. Nkhani ya asewere siwerengedwa pa msika.

Kunyumba ndinakhala pakhonde ndi buku. Mzere woyamba unali moni ndi kuthokoza, ndipo ndinaumva nthawi yomweyo. Wachiwiri unati miyendo ikupweteka kukazizira. Wachitatu ndinaufufuza mpaka madzulo. Unati mtima wawo wakhala pansi. Ndinawauza mayi a kunyumba. Iwo anangoti, "Chabwino," nalowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akuimba nyimbo ya kwaya imene amaimba akakondwa.

Mzere womaliza unali wautali, ndipo unandigwira masiku angapo. Ndinazindikira liwu la khanda. Ndinazindikira liwu lakuti chachikulu. Ena onse ndinachita kuwasaka. Foni inali pomwepo, mkamwini akanandiuza pa mphindi imodzi. Sindinaigwire. Lachitatu masana zinalumikizana. Ndinawaitana mayi a kunyumba kuchokera kukhitchini.

"Akuti mwanayo mawu ake ndi aakulu kwambiri. Akalira, nyumba yonse imadzuka."

"Ameneyo watengera kuno," anatero. "Muwauze asadandaule, sizichira."

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ndinatsegula laputopu, ndinadina mabatani awiri aja, A anachoka pakona. Ndinalemba kuti kwathu kuno tonse ndife otero, ndipo ndinawonjezera liwu lawo lopepesa. Kenaka ndinafunsa ngati kwawoko amalima mbatatesi.